Laibulale Yopanda Makoma ya a Mtsogolomuno

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1957, m'banja la ana asanu ndi mmodzi, iwo ali achitatu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlamu wawo, mlongo wa mayi asiyidwawa. Achemwali a malemu akuti iwowa anabadwa tsiku lisanakwane, ndipo aka kanali komaliza kuchita chinthu asanakhale pansi n'kulemba pulani.

Sukulu anayamba mu 1964. Mu 1979 anamaliza maphunziro a uphunzitsi, nayamba kuphunzitsa ukalipentala.

Mu 1983 anamanga banja ndi mlongo wangayu. Pobwera kudzaonekera kwathu ananyamula pepala losonyeza pamene banjalo lidzakhale litafika pakatha zaka makumi awiri: ana atatu, nyumba ya malata ndi njinga yamoto. Ana anabadwa asanu. Malemu ankati pulani sinalakwe, inangopyola.

Mu 1998 anasankhidwa kukhala mkulu wa koleji ya ntchito zamanja, kumene ambiri a inu munaphunzira kusoka, kuwotcherera ndi zamagetsi. Anapezako makalasi anayi, chipinda cha makina chodontha, ndi bwalo la udzu kuseri kwa ofesi. Chaka chomwecho analemba dongosolo la chitukuko cha kolejiyo la zaka makumi atatu. Pamsonkhano uliwonse mawu awo oyamba anali akuti mtsogolomuno, mpaka ophunzira anawapatsa dzina lomwelo. Iwo ankalidziwa, ndipo munthu akaitana ankatembenuka.

Zambiri za m'dongosolomo zinatheka: kalasi ya makompyuta mu 2006, malo ogona atsikana mu 2011. Chinakanika ndi laibulale. Koma malemu sanadikire simenti. Mu 2001 anatenga chingwe, zikhomo ndi laimu, n'kukaijambula pansi pabwalo lija: makoma, mawindo, khomo lakumaso ndi lakuseri. Kenako anandandalika njerwa mzere umodzi, n'kulamula kuti munthu asalumphe khoma. Wofuna kudutsa azilowera pakhomo.

Tsiku lina nditapita kukawaona ndinadula njira pabwalopo. Anandibweza ophunzira akuona, nandiuza kuti ndaponda shelefu ya mabuku a zamagetsi, komanso kuti wolowera pawindo ndi wakuba, kaya ndi mlamu kaya si mlamu. Ndinapepesa iwo, ndinapepesanso shelefuyo.

Tsono chimene chakhala chikundizunguza mutu ndi ichi. Malemu anapuma pantchito mu 2017, ndipo wokalipira anthu panalibenso. Komabe mpaka lero kanjira ka pabwalopo kamakhota n'kukalowera pakhomo. Ophunzira amene sanaonepo nkhope ya malemu amakhala m'katimo, pa udzu, mabuku ali pamiyendo, ndipo amayankhula monong'ona. Alonda akuti mvula ikayamba ena amathamangiramo kukabisala, n'kukumbukira atanyowa kale. Ndinawafunsa alamu kuti ana amenewa anawadyetsa chiyani. Anati funso langa ndi labwino, adzaliyankha mtsogolomuno.

Mu Okutobala 2024 anayamba kudwala mtima. Ali m'chipatala mwezi wathawu anamva kuti komiti yoyang'anira koleji ikufuna kusalaza bwalolo kuti pakhale poimika magalimoto, ndipo nkhaniyi ikaigamula Lachisanu likubwerali. Mlongo wanga akuti kuyambira pamenepo mankhwala ankamwa ndithu, koma mtima unali pabwalo paja. Nesi aliyense wobwera kudzawayeza ankachoka atadziwa kumene mawindo adzayang'ane. Anatisiya Lolemba m'mawa, pa 2 Juni 2025, ali ndi zaka 67, dongosolo lawo litatsala ndi zaka zitatu. Funso langa lija apita nalo.

M'mawa uno thupi linadzera kukoleji kuti akatsanzike. Ophunzira amene ananyamula bokosi, popanda wowauza, anakhota nalo n'kulowera pakhomo lakumaso. Ine ndinali m'mbuyo, ndipo ndivomere kuti maso anga anali pa nsapato za a wapampando a komiti ija, amene ali nafe pano pamzere wakutsogolo. Atafika pa njerwa anakweza phazi. Linakhala m'malere kanthawi ndithu. Kenako analibweza, nazungulira kukalowera pakhomo, chipewa chili m'manja. Banja silikupempha kanthu, a wapampando. Tangoti tinene kuti tinaona.

Malemu asiya mkazi, ana asanu, kuphatikizapo awiri opyola pulani aja, adzukulu asanu ndi atatu, achemwali awo awiri, ndi laibulale imodzi imene ikungosowa makoma ndi denga.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi manesi amene anapirira maphunziro a zomangamanga pamene iwo anabwerera ntchito ina. Ndikuthokoza aphunzitsi ndi ophunzira a ukalipentala amene akhoma bokosili potsata miyeso imene eni ake anasiya kalekale. Ndikuthokozanso anansi, abale ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe.

Alamu, pitani mukapume. Mukafika kumeneko musayambe n'kufunsa pulani, mukangolowera pakhomo. Mzimu wawo uuse mumtendere.