Mbiri ya Bambo Nasoni Chikhwaza, Amagazi Osowa

Amene tikuwaperekeza lerowa ndi Bambo Nasoni Goliati Chikhwaza. Anabadwa mu 1968 kwa Kalolo, m'boma lino la Lilongwe. Wowerengane ndine Percy, mng'ono wawo.

Sukulu analekezera Fomu 2 bambo athu atamwalira, n'kuphunzira kuyendetsa galimoto. Mu 1994 anamanga banja ndi mayi Evelesi Naphiri. Ntchito yawo inali yoyendetsa basi ya antchito a ku Capital Hill, ndipo kutchalitchi anali akwaya, ngakhale mawuwo, tinene zoona, sanali a kwaya.

Tsiku lina achipatala atabwera kuntchito kudzapempha magazi, anapeza kuti malemuwa ali m'gulu la O negetivi. Anawauza kuti mwa opereka magazi, a gulu limeneli ndi owerengeka. Magazi awo amathandiza aliyense, koma iwo sangalandire a gulu lina. Chiyambire pamenepo, foni ikalira kuti kuli mayi wataya magazi pobereka, ankasiya chakudya m'mbale. Ena ankawanena kuti akugwirizana ndi anamapopa. Iwo ankangoseka, amvekere udzudzu umapopa ulere ndipo palibe amaudandaula.

Pamzere wopereka magazi m'pamene anadziwana ndi a Yunusu, telala wa ku Area 2, a gulu lomwelo. Mkhristu ndi Msilamu, koma ankatchulana achimwene, ndipo anapangana kuti wina akadzagwa, mnzake adzatambasula mkono.

Mwezi watha, malemuwa akudwaladwala zilonda za m'mimba, kunabwera uthenga wa mtsikana wa ku Area 14 amene anali pakati pa moyo ndi imfa atabereka. Iwo sakanatha kupereka, choncho anakakamiza a Yunusu kuti apite. Mtsikanayo ndi mwana wake ali moyo.

Sabata yathayi zilonda za m'mimba zija zinaphulika, achimwene nayamba kusanza magazi. Kuchipatala magazi a gulu lawo anali atatha. A Yunusu anathamanga, tepi yoyezera ili m'khosi, koma lamulo silinawalole, poti munthu akapereka amayenera kudikira miyezi. Anachonderera mpaka kugwada. Abale tonse tinayezetsa, osapezeka ndi mmodzi yemwe woti n'kupereka. Lachiwiri masana achimwene anatisiya. Zikundiwawa, abale anga. Munthu wopatsa chotere kufa akusowa chomwe ankagawa!

Asiya mkazi, ana atatu, zidzukulu ziwiri, azing'ono awo awirife, ndi mchimwene wawo wapamagazi, a Yunusu, ali apowo.

Mwa anawo, amene anatengera magaziwa ndi Lizzie yekha, koma sakanatha kupereka poti ndi woyembekezera, masiku ake ali pafupi. Miyezi ya a Yunusu ikhala isanakwane. Tilipo ambiri pamanda pano. Mwina mmodzi mwa inu ali ndi magazi amenewa koma sadziwa. Chonde, tikabalalika, kayezetseni.

Achimwene, mkono wanu watopa. Pumulani mu mtendere.