Tsiku Limene Ndinaloza Mng'ono Wanga ndi Mfuti

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mumandidziwa kuti sindilankhula kwambiri. Ndinena zochepa.

Kwa zaka zambiri ndinkasunga mfuti. Ndinaipeza ndili mnyamata kwa munthu wina wothawa nkhondo ku Mozambiki. Chilolezo ndinalibe. Ndinkaikulunga m'chiguduli n'kuibisa kudenga. Ndinkati ndi yoopsezera mvuu kudimba, koma zoona zake inandipatsa matama. Pamowa ku Chiromo ndinkatukwana aliyense, podziwa chimene chinali kunyumba.

Chaka china madzi a Shire anasefukira n'kukokolola bango limene malemu bambo athu anasiya ngati malire pakati pa dimba langa ndi la mng'ono wanga Zuze. Madzi ataphwa, panatsala matope okhaokha. Zuze anayamba kuunda mizere ya mbatata pamalo pamene ine ndinkati ndi panga. Tinakangana masiku atatu. M'mawa wotsatira ndinapita ndi mfuti.

Ndinamupeza atawerama, akulima. Ndinamuloza. Anaweramuka n'kuika khasu pansi.

"Achimwene, mizere inayi yomweyi? Tengani," anatero. "Koma maliro anga mudzayendetsa ndinu. Wamkulu wina kwathu kulibe."

Munthu ameneyu ndinkamubereka kumsana ali khanda amayi akapita kotunga madzi. Ndinagwetsa mfuti n'kukhala pansi m'matopemo. Ndinalira ngati mwana. Zuze sanathawe. Anadzakhala pambali panga mpaka dzuwa linayamba kuotcha. Pamenepo ndinapemphera koyamba patapita zaka zambiri. Ndinangoti, "Yesu, ndichitireni chifundo."

Mfuti ija ndinkafuna kuitaya mumtsinje chifukwa ndinkaopa ndende. Abusa athu anandiletsa. Anati asodzi akhoza kuivuula, ndipo ikhoza kukapha munthu kwina. Anandiuza kuti apolisi anali kupempha anthu kuti azikapereka okha mfuti zopanda chilolezo, ndipo analonjeza kundiperekeza.

Tinapita atatu. Zuze ndiye anaimangirira panjinga yake, ataikulunga mumphasa. Panjira ankandiseka kuti, "Achimwene, yendani msanga, katundu wanuyu akundiyabwa." Kupolisi anandifunsa mafunso ambiri ndipo ndinayankha zoona. Anachotsa zipolopolo mumfutimo, n'kulemba, n'kuitsekera. Tsiku lomwelo ndinabwerera kwathu.

Kale ndinkanyoza lamulo la chilolezo, ndinkati ndi la anthu amantha. Lero ndikudziwa kuti mkwiyo wanga ukanatha pakutha pa sabata, koma chipolopolo sichikanabwerera. Mowa ndinasiya. Zuze ali moyo, ndi uyo wakhala kumbuyoko ndi ana ake. Ndimamukonda kuposa kale.

Ndikudziwa kuti m'midzi yathu ino zilipo mfuti zina, kumadenga ndi pansi pa nthaka. Ngati ina ili kwanu, musadikire tsiku ngati langa lija. Ndipezeni tikaweruka. Ine ndi abusa tidzakuperekezani, pakhomo la polisi simudzalowa nokha.

Ambuye Yesu, amene anagwira dzanja langa, alemekezeke. Ameni.