Jeke ndi Diso la Amuna Anga

Omvera anzanga, ndine mayi wa pa Mzimba boma, ndipo tulo sindikutidziwa.

Amuna anga ankakonza njinga zamoto. Mano a chopondera giya akatha, akabaza ankawalondola kuchokera ku Manyamula ndi ku Euthini komwe. Amuna angawo ankasula china chatsopano, n'kudula mano m'bowo lake pokankhiramo chitsulo cholimba ndi jeke ya galimoto. Magalasi anali nawo, koma akuda owotcherera, ndiye ankawavula kuti aone bwino. Diso lamanzere linafooka kalekale ndi moto, choncho ankasuzumira ndi lamanja.

Tsiku lina chitsulo chija chinathyoka, kachidutswa n'kulowa m'diso lamanjalo. Kuchipatala anati palibenso chochita.

Panopa amangokhala pakhonde. Ndikawaona ndimathawira kuseri kukalira.

Dzulo kunabwera wakabaza wina amene sanamve za ngoziyi. "Adada, ndapota, mundipangireko," anatero. Amuna anga analandira chopondera chakecho, n'kupapasa mano ndi chala. "Ubwere mawa, mwana wanga."

Wakabazayo atachoka, amuna anga anandipatsira ine chopondera chija.

"Mayi, mawa akabwera mumubwezere. Mumuuze kuti ndachokapo."