Amene Anathira Madzi m'Paipi ya Utsi

Ine, amene anthu a mumsewu wathu amanditchula kuti Asayansi, wa zaka 63, mphunzitsi wopuma pantchito, wokhala m'nyumba yachitatu kuchokera pa mpope wa madzi, ndikupereka umboni uwu. Akazi anga ali m'chitokosi cha polisi ino kuyambira dzulo, Lachinayi, 4 koloko madzulo. Akuganiziridwa kuti anapha injini ya galimoto pothira madzi m'paipi ya utsi. Wothira madziwo ndinamuona ndi maso anga, ndipo si iwo.

Nyumba yathu inagundizana ndi ya dalaivala wina wodziwika kuti Sipidi. Pakati pathu pali mpanda wa waya. Chingwe chathu choyanikapo zovala chili mamita awiri kuchokera pampandawo. Bwalo la Sipidi ndi lotsetsereka, moti akaimika galimoto, mutu wake umakhala kumunsi, paipi ya utsi n'kuloza kumtunda, kuchingwe chathu. Galimotoyo ndi pikapu yoyera. Si yake. Ndi ya mlamu wake, amene anamusungitsa popita ku ulendo wa ntchito.

Lolemba 7 koloko m'mawa Sipidi anabwera kudzabwereka paipi yathu yothirira maluwa, yobiriwira, yotalika mamita khumi. Anati akufuna kuthirira masamba. Kwa Sipidi kulibe dimba. Ndinamupatsabe.

Masana a tsikulo anabwera ndi galimoto itaikidwa sailensa yatsopano yofiira, chitsulo chija chimachepetsa phokoso la injini. Anandiitanira kumpanda kuti ndione. Anafotokoza kuti yamtunduwu m'kati mwake muli thonje lagalasi, ndipo ikakhala yatsopano imalira mwaulemu. Thonjelo likapsa n'kuthothoka m'pamene imabangula. Ena amadikira miyezi, koma wowotcherera zitsulo wina wa pafupi ndi mlatho anamuuza njira yachidule: kuponda moto mpaka sailensa itenthe kwambiri, kenako kulowetsa madzi ozizira m'paipi injini ikulira, kuti thonje lisweke lituluke. Ndinamufunsa kuti likatuluka lipita kuti. Anayankha kuti, "Mumlengalenga, Asayansi. Si inu munkaphunzitsa zimenezi?"

Anayamba 3 koloko. Ndinatenga kope n'kumalemba nthawi. Lolemba anachita kawiri, Lachiwiri kanayi, Lachitatu kanayi. Ulendo uliwonse ankaponda moto mphindi pafupifupi 15, n'kulowetsa paipi yathu. Kunkatuluka nthunzi yoyera yomwe inkadutsa pawaya n'kufika pachingwe.

Ife tikulera mdzukulu wamkazi wa miyezi isanu. Mayi ake amagwira ntchito kutali, amabwera Loweruka lokha. Pachingwepo pamakhala matewera ake tsiku lililonse.

Lachiwiri madzulo mwana anayamba kulira akangomuveka thewera. Akazi anga anasintha sopo. Lachitatu m'mawa mwana anali atatuluka zidzolo kuyambira m'chiuno mpaka m'ntchafu. Ndinatenga thewera louma n'kulikweza padzuwa. Linkanyezimira. Nditaliyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu lomwe ndinkaphunzitsira, ndinaona tisingano tagalasi tolowa m'nsalu. Ndinapaka thewera padzanja langa, dzanja linayabwa mpaka madzulo. Matewera asanu ndi limodzi ndinawamanga m'jumbo.

Lachitatu lomwelo, 10 koloko, akazi anga anapita kumpanda. Anati, "Bambo inu, mwana akugonera singano chifukwa cha nyimbo zanuzi. Mukapitiriza, paipi imeneyo ndidzaimwetsa madzi ndekha mpaka itsamwe." Sipidi anaseka n'kunena kuti, "Bwerani, agogo, mundipeputse ntchito. Madzi ndiye chakudya chake." Mayi wogulitsa makala pampope anamva zonsezi. Mawuwo akazi anga anawanenadi, sindikuwabisa.

Dzulo, Lachinayi, akazi anga ananyamuka 7:30 m'mawa kupita ndi mwana kuchipatala. Ine ndinatsala ndikuchapa matewera ena m'khitchini. Zenera lake lili mamita asanu ndi limodzi kuchokera pamene pamaima galimoto, ndipo palibe chotchinga.

Nthawi ya 9:20 Sipidi analiza injini n'kuyamba kuponda moto. Nthawi ya 9:35 anatsika, analowetsa paipi yathu m'paipi ya utsi, anaimangirira ndi waya, anatsegula madzi. Foni yake inalira ndipo analowa nayo m'nyumba. Patapita mphindi ziwiri injini inatsokomola n'kuzima. Madzi anapitiriza kulowa. Ndinatuluka n'kuitana kuti, "A Sipidi, injini yazima, tsekani madzi." Ndinaitana kachiwiri. Anayankha ali m'nyumba kuti, "Ndili pafoni, madala, za sayansi pambuyo."

Anatuluka 9:48. Madzi anali atalowa mphindi 11 injini ili yozima, galimoto itaweramira kumunsi. Madzi amatsata kutsetsereka, ndipo kumunsi kwa paipiyo kuli injini. Sipidi anazula paipi yathu, anakwera, anapotoza kiyi. Injini inatembenuka kamodzi, kunamveka kugunda ngati nyundo pachitsulo, n'kuima. Anayesanso kanayi. Kenako anatsika n'kukhala pansi atatsamira tayala, manja ali kumutu. Pabwalopo panalibe munthu wina.

Akazi anga anabwera 1 koloko masana. Adokotala analemba mankhwala odzola omwe kuchipatalako kunalibe. Ine ndinachoka 2 koloko kukawafuna. Ndinabwerako 4:30 n'kupeza mwana ali kumsana kwa mayi wogulitsa makala. Anandiuza kuti mlamu wa Sipidi anafika 3 koloko, ndipo pasanathe ola apolisi anadzatenga akazi anga.

Nditafika pano ndinauzidwa zimene Sipidi ananena: kuti 10 koloko m'mawa anapeza akazi anga akulowetsa madzi m'galimoto yozima, monga analonjezera Lachitatu. Umboni wake ndi paipi yobiriwira yolembedwa nambala ya nyumba yathu ndi penti. Paipiyo ndi yathudi, nambalayo ndinalemba ndine. Ndikupempha kuti muyang'ane kunsonga kwake. Kunasungunuka ndipo kunada ndi mwaye. Paipi siingasungunuke m'galimoto yozima, yozizira.

Lero m'mawa ndinakumana ndi mlamu wa Sipidi pakhomo la polisi ino. Anandifunsa kuti, "Madala, galimoto yanga ndinaisiya yofatsa. Chitsulo chofiira chija anaika ndani?" Ndinamuuza kuti akafunse mlamu wake, ndipo ngati sayankha, akafunse wowotcherera zitsulo wa pafupi ndi mlatho.

Ndapereka kwa wapolisi amene akulemba umboni uno zinthu izi: kope la nthawi, jumbo la matewera, galasi lokulitsa zinthu, ndi buku la mwana la kuchipatala. M'bukumo muli chidindo cha dzulo, ndipo namwino analemba kuti anamuyeza 9:50 m'mawa ali ndi agogo ake. Kuchokera kuchipatalako kufika kwathu ndi makilomita asanu ndi awiri. Akazi anga ali ndi zaka 60 ndipo amayenda ndi ndodo.

Ndauzidwa kuti 2 koloko masana ano Sipidi ndi mlamu wake aitanidwa, ndipo makaniko adzadula sailensayo pamaso pawo kuti aone ngati thonje lidakalimo. Mwana ayenera kudzozedwa mankhwala katatu patsiku, ndipo salola munthu wina kumugwira pazilondazo kupatula agogo ake. Mwanayo ali panja pabenchi, m'manja mwa mayi wogulitsa makala. Tidikira pomwepo.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera, ndipo ndavomereza kuti alemba monga ndanenera.

Wopereka umboni: ____________________

Wolemba umboni: ____________________