Mmene ndinaberekera apongozi anga mpaka ku Liuli

Kale lija, njinga zamoto zisanadzaze msewu, ife a mpingo tinkanyamuka kuno ku Mbamba Bay wapansi kukapemphera ku tchalitchi chakale cha ku Liuli, ndipo inu ana a lero amene mumakwera bodaboda ngakhale pokagula machesi simungadziwe kukoma kwake. Tinkaima pa tchalitchi chilichonse cha m'njira, mtanda uli patsogolo, ndipo woyambitsa nyimbo anali ndani? Musayang'ane kwina, ndine ndemwe. Mawu anga ankafika kwa asodzi ali pakati pa madzi, mpaka ena ankasiya khoka n'kumavomera. Amayi a m'midzi ankatichingamira ndi chinangwa chophika ndi usipa wowamba, akutipepesa pa ulendo m'Chiswahili kuti "Poleni na safari," ndipo tinkagona m'makalasi tikusekana matuza, koma kukacha aliyense ankadzuka ngati sanayendepo.

Chaka chimene ndikunenachi tinapita ndi apongozi anga, mayi wa amuna anga, nkhalamba yowonda ngati bango koma ya pakamwa pakuthwa. Mwana wawoyo, amuna angawo, atapulumuka bwato litagubuduka ndi mwera, iwo analonjeza Mulungu kuti adzafika ku Liuli ndi mapazi kukathokoza. Koma walira mvula walira matope. Titadutsa pakati pa ulendo mapazi aja anatupa ngati mandazi, ndipo anakhala pansi pa mtengo wa mango osathanso kuimirira.

Aphunzitsi a mpingo, amene ankatitsogolera, anapeza msodzi wa ku Mbaha wobwerera kwawo kudzera ku Liuli, iye n'kuvomera kuwatenga pa bwato.

"Agogo, kwerani, mukatidikire kumeneko," anatero aphunzitsi.

"Ine ndinalonjeza mapazi, sindinalonjeze nkhafi," anayankha apongozi. "Bwato lomwelo linafuna kundidyera mwana, lero likandithokozere? Ndisiyeni pano, akhwangwala andiimbire."

Misozi inali ikulengeza m'maso mwawo, anthu n'kumangoyang'anana. Pamenepo ine ndinamasula kanga, nsalu yanga ya m'chiuno, ndinagwada patsogolo pawo n'kuwalozera msana.

"Amayi, kwerani."

"Iwe make Rozi, wapenga? Ndiberekedwe ngati khanda, ine? Nanga pamsana pakopo mapazi anga aponda pati?"

Mverani tsono, muone kuti ku sekondale sindinapite kukadya nyemba. Ndinati, "Amayi, tsiku la ukwati wathu ansembe anati ine ndi mwana wanu ndife thupi limodzi, ndipo inu munalulutira kuposa onse. Mwanayo ndi magazi anu. Nanga mapazi angawa ndi a yani?"

Apongozi anatembenukira kwa aphunzitsi. "Mwalimu, zimenezi n'zoona kapena mtsikanayu akundinyenga?"

Aphunzitsi anakanda mutu, n'kuseka. "Agogo, ine ndasowa pomutsutsira."

Basi ndinawabereka, ndinamanga mfundo pachifuwa monga ndinkamangira ana anga, ndipo gulu lonse linaphulika ndi nthungululu. Musaganize kuti anakhala chete kumsanako! "Ukundigwedeza, yenda bwino." "Nyimbo imeneyo waikweza kwambiri." "Mapazi angawa akuchedwa bwanji lero?" Ana a m'midzi ankatithamangira akufuula kuti khanda la imvi, iwo n'kumawaopseza ndi ndodo ali pamsana pomwepo. Amayi anzanga anapempha kuti tizilandirana, koma apongozi anakana: "Inu simunakwatiwe ndi mwana wanga." Choncho ndinawasenza ndekha, pa mchenga ndi pa miyala, nyimbo osaisiya ngakhale pang'ono. Ndani wa inu angathe?

Titaona tchalitchi cha ku Liuli anandigogoda paphewa kuti ndiwatsitse. Anagwira mkono wanga, ndipo pang'onopang'ono, akutsimphina, analowa ndi mapazi awoawo mpaka kutsogolo, kumene anagwada n'kutchula dzina la mwana wawo. Atamaliza ananena mokweza, anthu onse akumva, "Ambuye, ndafika. Mapazi ena ndinabwereka kwa mwana wanga wamkaziyu, muwadalitsenso." Chikwatiwire changa anali asananditchulepo mwana wawo, ndipo ine amene sindilira wamba ndinanyowetsa kanga yonse.

Ndiye ana inu, makamaka atsikananu, mukadzakwatiwa musamadzamvere zoti mpongozi ndi mdani. Mukadzamuona wakhala pansi m'njira, musadzafunse zambiri, dzamasuleni nsalu. Amalemera, inde, ndipo amalongolola, koma mdalitso wake umakhalitsa.