Dzenje la Jasinta

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ine ndikadali ndi choko m'manja pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Bangwe, mawu akuti chibalo ankandituluka m'kamwa ngati moni. Iwe Agi mdzukulu wanga, ndi anzako mwayamba nawo uphunzitsiwa, mukuti ku koleji anakuletsani kuwatchula koma sanakuuzeni tanthauzo lake. Chabwino, kokani mipando, ndikuuzeni ine amene ndinawagwiritsa ntchito mpaka kuwononga nawo munthu.

Chibalo si kukwapula ayi, komanso si kudzudzula. Chibalo ndi ntchito imene munthu amakakamizidwa kugwira chifukwa walakwa, ndipo wamkulu amati ndamupatsa chibalo, pamene wolakwayo amati ndikugwira chibalo. Malemu bambo anga, amene anathawa kwa Apwitikizi n'kudzakhala ku Nsanje, ankalavula akamva mawuwa, poti kwawoko chibalo chinali kulambula msewu mkwapulo uli kumsana, koma ife aphunzitsi tinawatola n'kulowa nawo m'kalasi osachita nawo manyazi. Masiku ano mwana ukangomupatsa tsache, mawa mayi ake ali pageti ndi foni m'manja, koma nthawi imeneyo kholo limakuthokoza.

Tsono pa sukulu yathu panali lamulo losalembedwa paliponse. Wopereka chibalo ndi yemweyo wochichotsa, ndipo mwana samalowa m'kalasi mpaka mwini chibalo akaone ntchito ndi maso ake n'kunena kuti basi. Ngakhale ahedi samalowerera, poti kutero kunali kunyoza mnzako pamaso pa ana.

Mu Sitandade 8 yanga munali mtsikana dzina lake Jasinta, mwana wamasiye amene ankakhala ndi azakhali ake ogulitsa mandasi. Ee, mutu umene uja! Samu ndisanamalize kulemba pabolodi, iye dzanja lili m'mwamba kale, ndipo tonse mu sitafu tinkadziwa kuti chaka chimenecho ngati pali wopita ku sekondale yogonera konko, ndi iyeyo. Azakhali akewo sukulu sankaiwerengera, ankangomulola poti aphunzitsi tinkamutama. Vuto lake linali limodzi, kuchedwa. Ndipo ine, musandione kufatsa leroli, mtima wanga unali wapachala.

Tsiku lina Lachitatu analowa belu litalira kalekale, kachitatu sabata yomweyo.

"Jasinta, sukulu ino ndi ya agogo ako?"

"Pepani aphunzitsi, kumpopi kunali mzere."

"Mzere uli kwanu kokha? Mawa ubwere ndi khasu. Ukumbe dzenje la zinyalala kuseri kwa zimbudzi, ukaimamo mutu usaoneke."

Masana omwewo kunabwera uthenga woti mchemwali wanga watisiya ku Nsanje, ndipo ndinanyamuka osatsanzika bwino n'komwe. Titaika maliro panali zokambirana za pabanja, kenako malungo anandigwetsa, mpaka milungu iwiri inakwana ndili komweko. Ndikuuzeni zoona ana inu, za dzenje lija sindinaziganizeko ngakhale kamodzi.

Inu nthaka ya ku Bangwe mukuidziwa. Mwana uja anakumba mpaka m'chiuno n'kupeza thanthwe, ndipo khasu linkangolira ngwe, ngwe, koma m'mawa uliwonse amabwera mu yunifolomu, makope m'jumbo, n'kulowa m'dzenjemo. Mphunzitsi wina wamayi wa Sitandade 6 anamva chisoni nakauza ahedi, koma iwo anangoti, "Chibalo ndi cha a Semba chimenecho, mwiniwake abwera." Ankaopa pakamwa panga, ndipo anali ndi chifukwa. Mayeso a mokho, oyesera ana asanalembe enieniwo, analembedwa sabata yachiwiriyo Jasinta ali panja.

Azakhali ake ataona khasu lawo likupita ku sukulu tsiku ndi tsiku, anamufunsa kuti, "Kodi ngati kusukuluko mukulima, bwanji osakalima kumudzi kumene kumatuluka chimanga?" Loweruka lake anamukweza minibasi ya ku Thyolo, kwa agogo ake.

Nditabwerera ndinapeza malo ake pabenchi atakhalapo wina. Mukuganiza kuti ndinathamanga? Ayi ndithu. Ndinati ana a masiku ano sapirira, n'kupitiriza kuphunzitsa, ndipo panatha mwezi wathunthu ndisanapite kwa azakhali aja. Ndinawapeza akukazinga mandasi, ndipo sanandipatse n'mpando womwe.

"Khasu langa linabwera lopindika, aphunzitsi. Mukufunanso chiyani?"

Ndinachoka mutu uli pansi. Ku Thyolo si kutali, minibasi imodzi basi, koma sindinapiteko. Ndinachita manyazi kukagwada kwa anthu akumudzi, ine mphunzitsi wodziwika, ndipo chimenecho chimandiwawa kuposa dzenje lenilenilo.

Patapita zaka khumi ndi kanthu, nditapuma kale ntchito, ndinali mumsika wa Limbe ndipo ndinamva mawu akuti, "Aphunzitsi a Semba!" Anali mayi wogulitsa nthochi, mwana kumbuyo, wina akusewera pamiyendo pake. Anadzuka n'kupinda mawondo monga ankachitira kale, ndipo ndinazindikira kuti ndi Jasinta. Ndinayamba kupepesa, mawu akugundana m'kamwa, koma iye anangomwetulira.

"Zinapita zimenezo, aphunzitsi. Koma ndifunseko chimodzi. Mokho uja anakhala nambala wani ndani?"

Ndinamuuza kuti anali Feliki, amene ankakhala naye benchi imodzi.

"Ali kuti pano?"

"Ndi dokotala, ali ku Lilongwe."

Anayamba kukonza nthochi zimene zinali zokonzeka kale.

"Ameneyo masamu ogawa ndinamuphunzitsa ndine," anatero. Kenako anathyola phava la nthochi n'kundiikira m'jumbo, akuti ndikapatse amayi kunyumba.

Ndinayenda wapansi kuchokera ku Limbe mpaka kuno, poti sindikanatha kukhala mu minibasi anthu akundiona misozi, bambo wa imvi ngati ine.

Ndiye ana anga, sindikunena kuti mwana asamalangidwe, poti mwana wosalangidwa amavuta ndithu. Koma musanatsegule pakamwa, mufunseni kawiri chimene chamuchedwetsa, ndipo mukamupatsa ntchito, inu musapite kunyumba iye akadali padzuwa.