Mkono Wopalasira Bwato

Pamzere wa kuchipatala ku Chikwawa, msodzi wina ankasisita mkono wake, akudandaulira mayi amene anaima kumbuyo kwake.

"Mkazi wanga Otilia wachira dzulo, mwana wamkazi, koma magazi amuthera. Akuti ndipereke anga. Atenge kumanzere, mayi. Kumanjaku ndimapalasira bwato, kungaume."

"Inu bambo, mkono ndi mtsuko? Magazi sakhala malo amodzi. Mtima umawakankhira mumtsempha waukulu, kenako amagawikana m'timitsempha mpaka kufika m'zala. Mitsempha ikuoneka pakhunguyi imawabwezera kumtima."

"Amabwerera? Shire weniweniyu sabwerera!"

"Amabwerera, akatenge mpweya kumapapo, n'kuyambanso ulendo."

"Ndiye mkono suuma?"

"Ine ndinaperekapo. Thonje ndikulimabe."

"Basi, atenge kumanja komweku, kwamphamvu. Otilia adzuke, tizipalasa awiri!"